Opaleshoni ya m'chiuno: mbali zonse tsiku limodzi, kapena imodziimodzi?

NaPhiri_Chamama:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya bambo a kunyumba kwanga. Ali ndi zaka 48, ndi mlimi wa fodya kuno ku Chamama. M'chiuno munayamba kuwawa kalekale mbali ya kumanja, ife n'kumati ndi nyamakazi, kenako kumanzere nakonso kunayamba. Pano sangawerame kuti avale nsapato, njinga anasiya kukwera, usiku amangotembenuka. Ku chipatala cha boma ku Kasungu anawajambula X-ray n'kutitumiza ku Lilongwe. Dokotala wa mafupa wati mitu ya mafupa a ntchafu yonse iwiri inafa n'kuphwanyika chifukwa magazi sankafikako, ndiye afunika kuichotsa n'kuikapo zitsulo. Watipatsa njira ziwiri: kupanga mbali zonse tsiku limodzi, kapena kuyamba kumanja, kumanzere n'kudzapanga pakapita miyezi. Eni ake akuti zonse kamodzi, zithe. Apongozi anga ndi amalume awo akukanitsitsa, ati munthu sang'ambidwa pawiri tsiku limodzi. Ine ndili pakati, chonsecho wodwazika ndine. Alipo amene zinamuchitikirapo, kapena amene anadwazikapo munthu wotere?

Mlimi_wa_Santhe:
Pepani mayi. Ine ndili kumbali ya amalumewo. Ngolo ikatha matayala onse awiri sugulula onse nthawi imodzi, nanga itsamira pati?

Kabaza265:
Madala, nanga mukasintha limodzi, linalo lili lophulikabe, ngoloyo ichoka pakhomo?

Mlimi_wa_Santhe:
Iwe mwana, ukadzakula udzamvetsa.

OCO_wopuma:
Mayi NaPhiri, ndagwira ntchito ya mafupa m'zipatala za m'maboma mpaka kupuma, ndiye ndiyankhulepo, ngakhale wogamula ndi dokotala amene wawaona ndi maso.

Poyamba, uzani apongozi kuti opaleshoni imeneyi si yoyeserera. Mtundu umene ukuchitika masiku ano anaukhazikitsa ndi John Charnley ku England cha m'ma 1962, ndipo kuno kwathu wakhala ukuchitika kwa zaka zambiri. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chinatsegulidwa mu 2002, ndipo mu 2005 kunayamba kaundula wa anthu oikidwa zitsulo zoterezi m'Malawi muno. Ku Lilongwe, pa Kamuzu Central, pali chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chimene chinayamba ntchito mu 2023. Chimene amachita n'chakuti amadula mutu wowonongekawo, amalowetsa chitsulo m'kati mwa fupa la ntchafu, pamwamba pake n'kuikapo mutu wobulungira, ndiye ku fupa la chiuno amaikako kachikho koti mutuwo uzizunguliramo.

Ubwino wopanga zonse kamodzi ndi woonekeratu: kugonetsedwa kamodzi, kugona m'chipatala kamodzi, mafizo kamodzi, ndipo dokotala savutika kulinganiza kutalika kwa miyendo poti yonse ali nayo pamenepo. Mtengo wa zitsulo sutsika, zimakhala ziwiribe, koma za bedi, fiyeta ndi mayendedwe zimachepa.

Kuipa kwake kwagona pa magazi ndi mtima. Mbali imodzi imatenga ola limodzi kapena awiri, ziwiri ndiye maola atatu kapena anayi munthu ali patebulo, ndipo magazi otayika amachuluka moti ambiri amafunika kuwonjezeredwa. N'chifukwa chake madokotala amalola njira imeneyi kwa anthu amene sanakalambe, a mtima, mapapo ndi impso zabwino, opanda shuga wosalamulirika, komanso a magazi okwanira. Kwa mwamuna, Hb, yomwe ndi mlingo wa magazi akayezedwa, izikhala 13 kapena kuposa. Zaka 48 si vuto. Funso ndi lakuti thupi lawo lonse lili bwanji. Anawayeza chiyani kupatula X-ray?

NaPhiri_Chamama:
Zikomo adokotala. Anawayeza BP ndi shuga, zonse zili bwino. Za magazi anati tidzayezetse tikasankha tsiku.

OCO_wopuma:
Ayi, yezetsani musanasankhe. Zotsatira zakezo ndi zimene zikuthandizeni kusankha. Pa Kasungu pomwepo amayeza, simufunikanso ulendo wa ku Lilongwe.

Wamalole_KU:
Ine ndinapangidwa zonse ziwiri tsiku limodzi, ku India, ndili ndi zaka 44. Ndinkayendetsa lole ya kampani ina ndipo abwana anandithandiza mbali ina ya ndalama. Kwa ine panalibenso zokambirana, chifukwa matikiti a anthu awiri, ine ndi gadiyani, kawiri konse, sakanapezeka.

Koma ndisakunamizeni mayi, sabata ziwiri zoyambirira ndinaona mbonaona. Tsiku lotsatira opaleshoni anandiimiritsa ndi chogwirira chija cha miyendo inayi, mutu unazungulira, ndinangoona mdima. Anandiika magazi. Chovutitsitsa si ululu ayi, mankhwala amathandiza, koma kusowa mbali yogonera. Kumanja bala, kumanzere bala, ndiye chagada basi usiku wonse, pilo pakati pa miyendo. Kutsika pabedi mkazi wanga ankachita kundinyamulira miyendo umodziumodzi. Munthu wamkulu ine ndinalira, osabisa.

Komabe itatha miyezi iwiri ndinali nditataya ndodo, ndipo lero ndimayenda wapansi kuchokera kumsika kukafika kunyumba osapumira. Atandifunsanso lero ndingasankhe zomwezo. Mwendo wabwino woti n'kutsamira ndinalibe kale, ndiye kusiya umodzi kukanandipindulira chiyani?

Aphunzitsi_Nkhamenya:
Achimwene a malole, nkhani yanu ndi yolimbikitsa koma si onse angatsate. Ine ndili ndi sickle cell, nthenda ya magazi yobadwa nayo, ndipo ndi imene inandiwonongera mafupa a m'chiuno ndili mtsikana. Dokotala wanga anakaniratu zopanga zonse kamodzi poti magazi anga amakhala ochepa nthawi zonse. Anayamba kumanzere, kumanja tinapanga chaka chinacho.

Ndinene zoona zake za njira imeneyinso. Opaleshoni yoyamba inali yopepuka kuposa mmene ndinkaopera, ndinkatha kugonera mbali inayo, ndinkatha kudzitembenuza ndekha. Koma miyezi ya pakatiyo inali yotopetsa. Mwendo wokonzedwa unatalika pang'ono kuposa unzake poti winawo unali utaphwanyika n'kufupika, ndiye ndinkatsimphina, msana n'kumawawa, mpaka anandiikira kachidutswa mu nsapato. A mafizo akati chitani chakuti, mwendo watsopano ukulola, wakale ukukana. Ndipo kubwerera ku fiyeta ukudziwa kale chimene chikukudikira si masewera. Usiku wake sindinagone.

Ndiye sindikuti njira yanga ndi yabwino koposa. Inali yoyenera magazi anga.

Zitsamba_Original:
Mayi musalole amuna anu adulidwe mafupa!! Ndili ndi mankhwala ochokera kunja omeretsa mafupa ndi kuchotsa nyamakazi, mabotolo atatu okha achira. Ndipezeni ku inbox.

Nesi_Mtunthama:
Fupa lofa n'kuphwanyika silimeranso ndi botolo. Chotsani malonda anu pano.

Kabaza265:
Mabotolo atatu okha, kkkk. Mwa inu simutuluka botolo lomeretsa ndalama?

Admin_Gulu:
A Zitsamba, chenjezo loyamba ndi lomaliza. Tibwerere ku nkhani ya mayiwa.

Mlongo_wa_Chulu:
Pali mbali imodzi imene simunaitchule nonsenu. Achimwene anga anasankha imodziimodzi, mwanzeru ndithu, mogwirizana ndi dokotala. Yoyamba inayenda bwino pa chipatala china cholipira. Tinagwirizana pabanja kuti tisonkhenso ya mbali yachiwiri. Kenako mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo zitsulozi zimachokera kunja, zimagulidwa ndi madola. Titabwerera mtengo unali utathawa. Abale amene anasonkha poyamba anayamba kuzemba mafoni, ena n'kumati nanga si akuyenda kale. Mpaka lero mbali inayo sinapangidwe, ndipo munthu akuyendera ndodo ndi chitsulo chabwinobwino m'thupi.

Ndiye mayi, amalume akamati imodziimodzi, afunseni pamaso pa anthu kuti ya chiwiriyo adzasonkha zingati, ndipo ndalamayo isungidwe padera lero lomwe. Kuchipatala amawerengera za thupi, za m'thumba muwerengere nokha.

Mlimi_wa_Santhe:
Apa mwanena zoona achemwali. Komabe ndalama imapezeka, moyo supezeka.

Mlongo_wa_Chulu:
Imapezeka kuti madala? Tiuzeniko tikatole.

Chinkhoma_Boy:
Ndalama ya fodya imene ija? Chaka chino ena mabelo abwezedwa kangapo pa okushoni ya Chinkhoma pompa, ukamalandira n'kuti ngongole ya feteleza, matenanti ndi a transipoti atadula kale. Mlimi amatsala ndi chiphaso chokha.

Mlimi_wa_Santhe:
Vuto ndi inu anyamata mumasakaniza magiredi, masamba a pansi ndi a pamwamba belo limodzi, kenako muzinena ogula.

Chinkhoma_Boy:
Madala, fodya wanga ndimasankha ndekha pachigafa, palibe amandiposa. Ogula ndi amene amagwirizana mitengo.

Admin_Gulu:
Abale, za okushoni zili ndi tsiku lake.

Nesi_Mtunthama:
Komatu fodyayo asachokeretu m'nkhaniyi, chifukwa ndiye akuuzeni nthawi yoyenera. Msika umatsegulidwa cha mu April, ndalama zimalowa miyezi yotsatirayo, nazale zimayamba cha mu September, kuwokera ndi mvula yoyamba. Nthawi yabwino ya opaleshoni kwa mlimi ndi chilimwe, misewu ya ku Chamama ili youma, pabwalo palibe matope oterera. Akapanga zonse mu June, dzinja likamafika ali pamapazi. Akapanga imodzi mu June, inayo imagwera mu September kapena kupitirira, poti madokotala ambiri amafuna padutse miyezi itatu kapena kuposerapo, ndiye kuchira kwachiwiri kukumana ndi mvula ndi ntchito. Apo ayi mudikire chilimwe chinacho, chaka chathunthu akumva ululu mbali imodzi.

Tsopano za pakhomo, zimene ine ndimaona kuti ndi zimene zimagwetsa anthu. Sabata 6 zoyambirira, ena amati mpaka 12 malinga ndi mmene dokotala wang'ambira, munthu saloledwa kupinda chiuno kwambiri, kupingasa miyendo kapena kukhala malo otsika, chifukwa mutu wa chitsulo uja ungaguluke m'kachikho. Tanthauzo lake kwathu kuno ndi ili: chimbudzi chonjuta ayi, pamphasa ayi, pakampando ka kukhitchini ayi, kusamba chowerama m'beseni ya pansi ayi, kabaza ayi. Ndipo malamulowa ndi omwewo kaya ndi mbali imodzi kaya ziwiri. Kusiyana kwake n'kwakuti wa mbali imodzi akalakwitsa amadzipulumutsa ndi mwendo winawo, pamene wa ziwiri amadalira manja ake ndi munthu amene ali pambali pake.

Ndiye mayi, funso langa ndi la inu, osati la bambo. Pakhomo alipo wina wamphamvu wokuthandizani kuwadzutsa usiku? Nokha simungathe, mudzathyoka msana.

NaPhiri_Chamama:
Asisi mwandifika pamtima, palibe amene anandifunsapo zimenezi. Mwana wathu wamkulu ndi mnyamata wa zaka 19, analemba Fomu 4, ali pakhomo. Mlamu wanga wamng'ono amakhala pafupi. Chimbudzi ndi chokumba, chili kuseri kwa chigafa, kataliko ndithu.

Kalipentala_Gogode:
Za chimbudzi musade nkhawa mayi. Mpando wa matabwa wobowola pakati, wokhala ndi zogwirira m'mbali, umakhazikidwa pamwamba pa dzenje, usiku mumaulowetsa m'nyumba n'kuika ndowa pansi pake. Ndinakhomerapo agogo ena amene anathyoka ntchafu. Kalipentala aliyense wa pa Chamama angakhome mukamufotokozera. Bedi nalonso likakhala lalifupi mumaliikira njerwa kumiyendo, bola lisagwedere.

Mfumu_ya_Mafunso:
Pepani ndifunse mosapsatira. Nthenda ya kufa kwa mafupayi si ija imagwira anthu amene ali pa ma ARV? Ngati ndi choncho opaleshoni ziwiri angapirire?

Aphunzitsi_Nkhamenya:
Funso lotere simufunsa mkazi wa mwini pagulu. Ulemu pang'ono.

OCO_wopuma:
Mayi NaPhiri asayankhe zimenezo, n'za iwo ndi dokotala wawo. Koma poti funso lafunsidwa, ndiyankhe kuti ena apindule. Kufa kwa mutu wa fupa kuli ndi zoyambitsa zingapo: sickle cell monga anenera aphunzitsi, kumwa mowa kwambiri kwa zaka, kuvulala kapena kuguluka kwa chiuno pangozi, mankhwala a gulu la prednisolone ndi dexamethasone akamwedwa nthawi yaitali, HIV nayonso ili m'gulumo, ndipo ena chifukwa chake sichipezeka n'komwe. Imakonda kugwira mbali zonse ziwiri komanso anthu a zaka zapakati, n'chifukwa chake funso la mayiwa limabwerabwera kuno kwathu. Ndipo munthu amene ali ndi HIV, akumwa mankhwala mokhulupirika, tizilombo tili tochepa m'magazi, amapangidwa opaleshoniyi n'kuchira bwinobwino. Zaoneka m'Malawi momwe muno.

NaPhiri_Chamama:
Adokotala, mwatchula prednisolone. Bambowa ali ndi mphumu, imawavuta kwambiri nthawi yosankha fodya chifukwa cha fumbi. Kwa zaka zambiri akhala akugula okha timapiritsi toyera ting'onoting'ono ta dzina limenelo, akabanika amamwa, nthawi zina mwezi wathunthu. Za ululu amamwa Indocid pafupifupi tsiku lililonse. Ku Lilongwe sanazinene, ati dokotala wa mafupa za chifuwa sizimukhudza.

OCO_wopuma:
Mayi, zimene mwanenazi n'zolemera kuposa zonse takambirana pano. Dokotala ayenera kuzimva, makamaka wogonetsa.

Choyamba, mphumu ndi nkhani ya mapapo, ndipo mapapo ndiwo amodzi mwa zinthu zimene amayang'ana asanalole mbali ziwiri tsiku limodzi. Ikakhala yolamulirika si chotchinga, koma aiyeze. Chachiwiri, munthu amene wamwa prednisolone nthawi yaitali thupi lake limachita ulesi kupanga lokha mphamvu ina imene imafunika pa nthawi ya opaleshoni, ndiye wogonetsa akadziwa amawonjezera mankhwala, akapanda kudziwa BP ingagwe ali patebulo. Mankhwala omwewo amachedwetsa kupola kwa bala ndi kufooketsa chitetezo. Koma asasiye mwadzidzidzi, n'zoopsanso, achipatala ndiwo awatsitsire pang'onopang'ono n'kuwapatsa zopopera m'kamwa zoyenera. Chachitatu, Indocid wa tsiku ndi tsiku amakanda m'mimba n'kumataya magazi mobisika, amawononganso impso. Ndiye pa Hb paja onjezanipo kuyeza impso.

Tengani mapaketi onse amene ali m'nyumbamo, ngakhale otha, mukawaike patebulo pa dokotala. Mwina akadzaona adzanena yekha kuti imodziimodzi, mwina adzati tikonze izi kaye kenako zonse kamodzi. Yankho limene anakupatsani lija analipereka asakudziwa zimenezi.

Wamalole_KU:
Apa ndiye ndabweza mawu pang'ono. Ine ndinalibe mphumu. Mverani adokotalawa.

Mlimi_wa_Santhe:
Mwaona? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kabaza265:
Madala musavine msanga, sanati amalume apambana. Ati akayezetse.

Nesi_Mtunthama:
Ndionjezere za magazi. Funsani chipatalacho ngati chidzakhale ndi magazi a gulu lawo okonzeratu tsikulo, osati kudzayamba kufufuza munthu ali m'fiyeta. A Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana a sukulu popereka magazi, ndiye nthawi ya tchuthi nkhokwe zimachepa. Funsaninso ngati amagwiritsa ntchito tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi pa opaleshoni. Malungo akawagwira chapafupi, kapena dzino likakhala lobooka ndi lotupa, kapena pali chilonda pena paliponse, zichizidwe kaye, chifukwa tizilombo tikafika pa chitsulo kuchotsa kwake n'kovuta zedi. Ngati amasuta, asiye pano.

Akatuluka, choopsa china ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya miyendo. Adzapatsidwa mankhwala oletsa zimenezi kwa pafupifupi mwezi, asadumphitse. Katumba akatupa n'kumawawa, kapena akayamba kubanika ndi kumva kupweteka pachifuwa, musati ndi mphumu ija, thamangirani kuchipatala.

Chinkhoma_Boy:
Nanga pobwera kuchokera ku Lilongwe? Makilomita oposa 120 pa M1, kenako fumbi la ku Chamama. Mu minibasi mawondo amafika pachibwano.

Wamalole_KU:
Minibasi iwalani. Pezani galimoto yapadera, akhale kutsogolo, mpando ukankhidwire kumbuyo n'kuugoneka pang'ono, pilo pansi. Muziima pa Mponela kapena pa Madisi atsike awongole miyendo. Ngati muli ndi wachibale ku Lilongwe kapena pa boma pa Kasungu, khalani kumeneko sabata zoyambazo, pafupi ndi a mafizo ndi ochotsa ulusi.

Mfumu_ya_Mafunso:
Funso lina, musandikalipirenso. Zitsulozi zimatha? Ndipo kumunda adzabwererako? Komanso, mukudziwa kale, za m'banja zija?

OCO_wopuma:
Zimatha, koma mochedwa. Zambiri zimapitirira zaka 15, ndipo zoposa theka zimafika zaka 25. Wa zaka 48 adziwiretu kuti mwina adzafunika kukonzedwanso atakalamba, kaya wasankha njira iti. Kumunda adzapita, kuyang'anira, kusankha fodya atakhala pampando wautali, kupalasa njinga pakapita miyezi. Koma kusenza mabelo ndi matumba a feteleza, kudumpha pangolo, kukwera pamwamba pa chigafa, zimenezo asiyire anyamata. Za funso lanu lomaliza, yankho ndi inde, pakapita sabata zingapo, ndipo a mafizo amalangiza bwinobwino munthu akafunsa.

Wamalole_KU:
Chitsirizira wanga anabadwa zitsulo zili kale m'thupi. Ndathera pomwepa.

Kabaza265:
Kkkkk achimwene mwatseka nkhani.

NaPhiri_Chamama:
Mwandiseketsa ndili ndi nkhawa. Ndawawerengera bambo zonsezi, poyamba anakwiya kuti ndaulula za mapiritsi, koma avomera. Lolemba tipita pa Kasungu kukayezetsa magazi ndi impso, mapaketi ndasonkhanitsa kale m'jumbo. Amalume ndawaimbira kuti adzatiperekeze ku Lilongwe akadzimvere okha kwa dokotala, ndipo za chosonkha chachiwiri ndidzazifunsa ankhoswe alipo, monga ananenera achemwali a ku Chulu. A Kalipentala, mpando uja utalike bwanji? Ndikufuna ndikauze wokhoma mawa.

Kalipentala_Gogode:
Ayimirire atavala nsapato zimene amayendera, muyeze kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo, muonjezepo zala zitatu kapena zinayi. Akakhala, mawondo azikhala m'munsi mwa chiuno. Matabwa akhale olimba, osati a paini wopyapyala, ndipo zogwirira azimange ndi mabawuti, misomali imazuka.

Nesi_Mtunthama:
Akhome iwiri mayi, wina wosabowola wa pakhonde. Alendo odzazonda adzachuluka, ndipo bambo akasowa pokhala adzakakamira pampando wa ndalema.